Mabawuti Anayi Okha

Aphwanga a kwa Zingalume, anyamata ndi atsikana omwe, tasenderani kuno. Inu muli pa bawo, imikani kaye. Inu mwatsamira njinga zamoto pamthunzi podikira makasitomala, mvetserani muli pomwepo. Ndikufuna ndikuuzeni za galimoto imene ambiri a inu simunaionepo, imene ineyo ndinaigwirako kamodzi kokha, ndipo ndikudziwa kuti wina anong'oneza mnzake kuti amalume akalamba, ayamba kubwebweta. Ndilekeni ndibwebwete, mundiweruze ndikamaliza.

Galimotoyo ndi Porsche 911. Ndi yaifupi, ya zitseko ziwiri, msana wake wotsetsereka ngati wa fulu, ndipo ukatsegula kutsogolo kumene tinazolowera kupeza injini umangopezako malo oikapo chikwama. Injini ili kumbuyo, kuseri kwa matayala. Inaonetsedwa koyamba ku Frankfurt, m'dziko la Germany, mu 1963, ndipo kwa zaka zoposa 30, mpaka 1998, injini yake inalibe lediyeta, inalibe ngakhale dontho la madzi. Inkazizira ndi mphepo komanso oyilo basi. Chifani chachikulu chimakoka mphepo, malata ochinga amaitsogolera kuti idutse m'timipata ta masilinda asanu ndi limodzi ogona chammbali, atatu uku atatu uko, kenako imatulukira pansi itasenza kutentha. Tsopano weramani, muyang'ane injini ya njinga ya Boxer mwatsamirayo. Mwationa tinthiti tachitsulo tozungulira silinda? Nzeru yake ndi yomweyo. Kapampu ka petulo kothirira tomato ku dimba nakonso n'chimodzimodzi. Galimoto imene anthu olemera a ku Ulaya ndi ku America amalimbirana ndi ndalama zokwanira kugula chimanga cha mudzi wonse, ndi mbale wake wa makina amene mumawagwira tsiku ndi tsiku ndi manja anuwa.

Magalimoto amenewa akakalamba eni ake sawataya. Kampani ya Porsche inatulutsa 911 yokwanitsa miliyoni imodzi mu 2017, ndipo imanena yokha kuti ambiri mwa magalimoto amene inapanga chiyambire akuyendabe. Si mankhwala ayi. Kuli amisiri ku Germany, ku California, ku Johannesburg, amene ntchito yawo ndi kutsitsa injini yotopa n'kukweza ina. Wina amatenga thupi la 1972 n'kuliika injini ya malita 3.6 yochokera mu 911 ya m'ma 1990. Injini ya 911 yoyambirira inali ya malita 2, mphamvu yake ya akavalo 130, pamene ya malita 3.6 imafika 250 kapena kuposa. Ena amaikamo ya Subaru, n'kuyamba kukanda mutu posowa kopachika lediyeta m'galimoto imene inabadwa yosadziwa madzi. Masiku ano ena akuikamo mota ya magetsi ndi mabatire. Zimenezo ine sizindikoma, poti theka la kukoma kwa galimoto imeneyi ndi kulira kwake, koma ndi ndalama zawo, ndiwaleke.

Ineyo ntchito imeneyi ndinaiphunzirira pa mbale wake wosauka, Volkswagen Beetle. Munali m'zaka za m'ma 1980, ndili kamnyamata konyamula masipanala pa galaja ina ku Chipata. Ndikati galaja musaganize nyumba. Unali mtengo wa mango, mgolo wodula pakati wotsukiramo zitsulo, ndi bokosi la zida limene abwana ankaligoneka kunsi kwa bedi lawo usiku. Nthawi imeneyo zinthu zinali zitathina m'dziko muno. Mtengo wa kopa unagwa mu 1975 osadzukanso msanga, ndalama zakunja zinasowa, ndipo m'masitolo a zipangizo za galimoto unkangopeza mashelefu ali mbee. Gasiketi tinkadula tokha pa katoni. Mapulagi tinkawawotcha ndi kuwapala kuti agwirenso ntchito. Bawuti yodyeka mutu sitinkaitaya, inkapita m'chitini kudikira tsiku lake.

Tsiku lina kunafika aphunzitsi ena opuma pantchito, a kwathu kuno ku Chadiza, akukokedwa ndi thirakitala. Beetle yawo ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 inali itagogoda injini. Anaima pambali atagwira chipewa pamimba ngati ali pa siwa. "Abambo, taioneni," anatero kwa abwana. "Imeneyi inanyamula mayi a kunyumba tsiku la ukwati, inanyamula ana anga onse kuchokera kuchipatala. Anthu akuti ndichotse matayala ndipangire ngolo." Abwana sanayankhe msanga. Analowa kunsi, n'kumagogoda chitsulo ndi sipanala uku akumvetsera ngati munthu wosankha mavwende. Atatuluka anasasa fumbi kumsana, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, thupili lilibe dzimbiri. Wafa ndi mtima wokha. Mtima timasintha."

Mtima wina unapezeka pa Beetle ya 1600 imene inagubuduzika pa Great East Road, thupi lake n'kukhala ngati chitini chopondedwa ndi ng'ombe, koma injini osakhudzidwa. Apa mpamene ndinaona chinthu chimene sindinachiiwale mpaka lero. Injini ya Beetle imagwiridwa ku giyabokosi ndi mabawuti anayi okha. Anayi! Umachotsa waya wa batire, umatseka paipi ya petulo ndi kamtengo kosongola, umamasula kebulo ya akisileta ndi timawaya tingapo, n'kuika jeke pansi pa injini, thabwa pakati. Ukamasula anayiwo ndi sipanala ya 17 umaikokera kumbuyo pang'onopang'ono mpaka itasiyana ndi shafuti, kenako n'kuitsitsa. Anyamata anayi tinanyamula galimoto chakumbuyo, wachisanu n'kuikhwekhwereza injini kunja. Kulemera kwake ndi ngati matumba awiri a chimanga, kuposako pang'ono. Ola lisanathe, chinthu chimene ndinkachiopa ngati nyumba ya mfiti chinali phee pa thumba, pamapazi anga, nkhuku zikuchizungulira.

Aphwanga, zambiri zimene mumaziona ngati zamatsenga zangogwiridwa ndi mabawuti anayi. Chimene chimakuopsani ndi chivundikiro. Kodi ndi njinga zamoto zingati zimene zagona kuseri kwa nyumba m'midzi yathu ino, atazifunda thumba, eni ake akuti "inafa"? Mapampu angati ali m'nkhokwe? Zigayo zingati zinatsekedwa chifukwa makaniko wa ku Chipata anati abwera Lachiwiri, ndipo Lachiwirilo mpaka pano silinafike? Inu mumadutsa pomwepo m'mawa uliwonse, manja m'thumba, mukudandaula kuti kuno kulibe ntchito. Ntchito yagona pansi pa thumba lija, ikukudikirani!

Komatu musandimve theka. Kutsitsa n'kosavuta, vuto lili pokweza. Titafuna kulowetsa injini yatsopano ija, inakana. Tinakankha anyamata atatu, inakana. Ine ndinathamangira hamala, abwana n'kundigwira dzanja. "Iwe mnyamata, chitsulo chikakana chili ndi mlandu wake. Uchifunse." Anandiuza kuti ndiwerenge mano a fulayiwilo, chimbale cholemera chija chimene sitata imaluma poliza injini. Ya injini yakale inali ndi mano 109, ya yatsopano 130, ndiponso yatsopanoyo inali yokulirapo pang'ono, moti inkakhula m'kamwa mwa giyabokosi. Chifukwa chake n'chakuti Beetle zakale zinali za magetsi a mavoliti 6, ndipo cha mu 1967 zinasamukira ku 12. Tinakhala masiku awiri tikupala mkati mwa giyabokosi ndi tupa, kupala pang'ono, kuyesa, kupalanso. Sitata inasinthidwa, batire inasinthidwa, mababu onse anasinthidwa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Hamala ija ikanaphwanya giyabokosi imene panthawiyo sikanapezeka ngakhale ku Lusaka.

Tsopano ndiulule manyazi anga. Tsiku lomaliza abwana anapita ku maliro, n'kundisiyira ntchito yomangirira zotsala. Panali kalata kamodzi kachitsulo kopindika kamene kankavuta kulowa, ndi mphira wautali wozungulira chipinda cha injini, wouma ndi wong'ambika. Dzuwa linali litapendeka, anzanga akundiitana ku mpira. Ndinaziyang'ana ziwirizo n'kunena mumtima kuti izi n'zokongoletsa chabe, injini imalira popanda izi. Ndinazikankhira kuseri kwa mgolo. Injini inaliradi, kulira kokoma, aphunzitsi n'kundipatsa ndalama ya sopo.

Unali mwezi wa Okutobala, kutentha kuja kumene ngakhale abuluzi amabisala. Aphunzitsi sanafike n'komwe ku Chadiza. Injini yozizira ndi mphepo imafuna kuti mphepo yozizira ya pamwamba isakumane ndi yotentha ya pansi, ndipo ntchito ya malata aja ndi mphira uja ndi yomweyo, kulekanitsa ziwirizi. Popanda izo fani inkangokoka mpweya wotentha umene injini yangotaya kumene, ngati munthu wopuma atadzifunda bulangete kumutu. Silinda yachitatu, imene pa injini zimenezi imatentha kuposa zinzake chifukwa mphepo yake imayamba yadutsa pa chozizitsira oyilo, inadula vavu. Mutu wa vavu unagwera pa pisitoni, pisitoni n'kubooka. Aphunzitsi anabweranso pa thirakitala yomwe ija, chipewa pamimba pomwe paja.

Abwana sanandimenye, ngakhale ndikanakonda akanandimenya. Anapita kuseri kwa mgolo, n'kutola kalata kaja ndi mphira uja, n'kuziika pa bondo panga pamaso pa aphunzitsi. "Auze wekha," anatero. Ndinawauza, mawu akunjenjemera. Kenako anati, "Uitsitsa wekha, uimasula wekha, uimanga wekha. Ine ndingokhala apa." Ndipo anakhaladi pa chitsa masiku asanu, akusenda nzimbe, osagwira sipanala ngakhale kamodzi. Ndikalakwitsa ankangotsokomola. Malipiro anga a miyezi iwiri anathera pa pisitoni ndi vavu. Sabata imeneyo mpamene ndinakhala makaniko.

Patapita zaka ndinapita ku Joni ngati anzanga ambiri, n'kupeza ganyu yosesa ndi kutsuka zitsulo pa galaja ina ku Johannesburg. Kumeneko pansi ankakolopa ngati m'chipatala. Tsiku lina inalowa 911 ya m'ma 1970, yoti aiike injini ya malita 3.6. Pa galimoto imeneyi injini imatsika pamodzi ndi giyabokosi, nayonso chakunsi, galimoto n'kukwera m'mwamba. Ndinaima ndi tsache langa n'kumaonerera. Mmisiri wamkulu wa imvi, atamaliza zamawaya ndi kakompyuta koyendetsa injini, anagwada n'kuyamba kuyendetsa chala chake pa mphira wozungulira chipinda cha injini, pang'onopang'ono, kufufuza kampata. Ndinaseka mokweza mpaka anatembenuka. Nditamufotokozera za aphunzitsi a ku Chadiza ndi silinda yachitatu, anandiyang'ana kwa kanthawi, n'kundilanda tsache, n'kundipatsa sipanala. Chimene ndinaphunzira pansi pa mango ku Chipata chinali chomwecho chimene ankalipiritsa ndalama zambirimbiri kumeneko. Kusiyana kunali pa kukolopa.

Kumeneko ndinaonanso kuti walira mvula walira matope. Mwini galimoto ankafuna mphamvu zowirikiza, koma injini yaikulu inabwera ndi abale ake. Beetle imamwa oyilo malita awiri ndi theka, pamene 911 imamwa opitirira 10, ali m'thanki yakeyake pambali, ndipo injini yaikuluyo inafunanso chozizitsira oyilo china kutsogolo kwa galimoto ndi mapaipi aatali. Inafuna pampu ya petulo yamphamvu. Inafuna kilachi yolimba. Koposa zonse inafuna mabuleki aakulu, chifukwa galimoto imene kulemera kwake kuli kumbuyo ikalowa pakona ndi liwiro imafuna kutsogoza kumbuyoko. Mmisiri uja ankakana kukweza injini mwini galimoto asanavomere za mabuleki. Ndimamukumbukira ndikaona mnyamata wagulitsa soya, wagwira ndalama imene sanaigwirepo chibadwire, ndipo pofika Ogasiti watsala ndi foni ndi chipsera pachipumi. Mphamvu inabwera, mabuleki anali a njinga yakapalasa. Mukufuna ngongole, mukufuna njinga yachiwiri, mukufuna shopu pa boma? Funani, ndipo mufune kwambiri, sindikuletsani. Koma yambani mwamanga zoimitsira: kabuku kolembamo ndalama, mkulu mmodzi amene angakudzudzuleni inu osakwiya, ndi mtima wotha kuuza mnzanu kuti lero sindimwa.

Ndipo musanyoze injini yaing'ono. Pa mpikisano wa Safari Rally ku East Africa, m'misewu ya matope ndi mabampu yofanana ndi yathu ino nthawi ya dzinja, Beetle inapambana kangapo, komaliza mu 1962, ndi kainjini ka 1200. Kampani ya Porsche inatumizako 911 zamphamvu kuwirikiza kangapo mu 1978, ndi amakaniko ndi ndalama zake zonse, koma Vic Preston Junior wa ku Kenya anathera pa nambala 2, Björn Waldegård wa ku Sweden pa nambala 4. Inapambana ndi Peugeot 504, mtundu umene agogo anu amaudziwa bwino. Msewu wa ku Africa suwerenga akavalo. Koma a Porsche sanakwiye n'kukagona. Anakamanga 911 yokoka ndi matayala onse anayi, ndipo mu 1984 René Metge anapambana nayo mpikisano wa Paris–Dakar, wodutsa m'chipululu cha Sahara. Tisaiwalenso kuti kwathu konkuno Satwant Singh anakhala katswiri wa mipikisano yotere mu Africa yense kasanu ndi katatu, mbendera ya Zambia ili pa chitseko.

Kodi mukudziwa kumene Porsche yoyamba inabadwira? M'kamudzi ka m'mapiri a ku Austria kotchedwa Gmünd, m'nyumba imene kale inali yochekeramo matabwa. Mainjiniya anathawirako mabomba a ku Stuttgart mu 1944. Mu 1948 Ferry Porsche ndi anzake anatenga injini ya Beetle ya akavalo 25, n'kuisula mpaka inafika 35, n'kuiika m'thupi lopepuka la aluminiyamu losulidwa ndi manja. Imeneyo ndiyo Porsche 356 yoyamba, ndipo kumeneko anapanga pafupifupi 50 zokha asanabwerere kwawo. Sindikunamizani kuti anali amphawi ngati ife. Anali anthu ophunzira kwambiri, ndipo mbiri ya banja limenelo ili ndi zipsera zake, poti linagwirira ntchito boma la Hitler. Chimene ndikufuna muone n'chakuti dzina limene lero limanjenjemeretsa anthu linayamba ndi injini yobwereka, m'shedi, ndi amisiri osula chitsulo pa chipika.

Kusula! Kodi zimenezo n'zachilendo kwa ife? Makolo athu Amaravi ankasungunula chitsulo m'ng'anjo zadothi, ndipo makasu awo ankagulidwa mpaka ku Tete. Mpwitikizi wina, António Gamitto, amene anadutsa m'dziko la Amaravi ndi Achewa mu 1831 popita kwa Kazembe, anaziona ndi maso ake n'kuzilemba. Lero lomwe yang'anani ngolo iliyonse yopita kumunda: ekiselo yake inali ya galimoto imene inafa kalekale, ndipo mmisiri wa m'mudzi anaipatsa moyo wachiwiri popanda buku. Anthu okonda ma Porsche akale ali ndi mwambo umodzi umene ndimaulemekeza. Akatsitsa injini yoyambirira saigulitsa. Amaithira oyilo, amaikuta bwinobwino, n'kuisunga pakona, chifukwa nambala yake ndi imene inabadwa ndi galimotoyo, ndipo galimoto imene ikadali ndi injini yake yobadwa nayo mtengo wake umakwera. Inunso pamene mukuphunzira za mafoni ndi mapanelo a sola, musagulitse zimene agogo anu amadziwa. Pitani kwa mdala wosula nkhwangwa uja akadali moyo, mukamupemerere mvukuto. Amadziwa kuona kutentha kwa chitsulo pa mtundu wake, ndipo tsiku lina mudzachifuna chimenecho powongola shafuti.

Chaka cha 2024 chinatiphunzitsa zowawa. Mvula inadula, pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi ngozi ya dziko lonse, madzi anachepa ku Kariba, magetsi n'kumazima tsiku lathunthu. Amene anapumako ndi amene anali ndi dimba ndi kapampu kolira. Ndipo kapampu kakafa pakati pa sabata, tomato sadikira kuti mupite ku Chipata, mukagone, mubwere mkuja. Amafota. Mnyamata kapena mtsikana wodziwa kutsuka kabureta, kusintha mapisitoni ringi, kuyeza mpata wa mavavu, m'chaka ngati chimenecho amakhala ngati sing'anga wa mudzi. Taganizaninso za Loweruka lomaliza la Ogasiti, pamene aliyense ali pa ulendo wa ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, makanta atadzaza thothotho, njinga zamoto zitasenza atatuatatu. Werengani zimene zimafera m'njira tsiku limenelo. Aliyense wa eni akewo ali ndi ndalama m'thumba ndipo akuyang'ana uku ndi uku kufuna munthu wa sipanala.

Mukuti mulibe ndalama ya sukulu? Mu 2022 boma linakweza ndalama za chitukuko za CDF kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo gawo lina la ndalamazo ndi lolipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja. Mafomu amadzera ku komiti ya chitukuko ya wodi yanu. Pitani mukafunse, ndipo akakuuzani kuti mubwere mawa, mawa mubweredi, mkuja mubwerenso, mpaka atatopa ndi nkhope yanu. Ku Chipata kuli Chipata Trades Training Institute. Bungwe la TEVETA limayesa ngakhale anthu amene anaphunzirira ntchito pansi pa mtengo ngati ine, n'kuwapatsa pepala. Ngati zonsezo zakanika chaka chino, pitani kwa makaniko wa pa boma mukamupemphe kuti muzimutsukira zitsulo ulere. Adzakutukwanani, adzakutumani kukagula ndudu, mwezi woyamba simudzagwira china koma palafini ndi kansanza. Pirirani, maso ali pa manja ake. Safunsa anadya phula.

Inu atsikana, musayang'ane kumbali ngati nkhaniyi ndi ya alongo anu. Sipanala sifunsa kuti waigwira ndani. Manja amene amasankha nsinjiro, amene amaona kamwala kamodzi m'lichero la mpunga, ndi omwewo amene amafunika pomanga kabureta, chifukwa mmenemo muli timabowo tochepa ngati diso la singano. Mphamvu ndi ya jeke. Anthu adzalankhula, inde, ndipo adzalankhula mpaka tsiku limene njinga ya mwamuna wawo idzafere pakhomo panu.

Mawu amodzi a chenjezo, poti tili pafupi ndi malire. Injini ili ndi nambala, ndipo nambalayo inalembedwa m'mapepala a galimoto kapena njinga. Mukasintha injini ya galimoto mwini wake ayenera kukadziwitsa a bungwe loona za magalimoto la RTSA kuti mapepala agwirizane ndi chitsulo. Munthu akakubweretserani injini usiku, yotchipa modabwitsa, nambala yake yopalidwa ndi tupa, alibe lisiti, mubwezeni nayo ngakhale muli ndi njala. Makaniko amadyera dzina. Kamodzi kokha apolisi akaima pa galaja yanu, makasitomala amasamukira kwina, ndipo sabwerera.

Injini ija ya Beetle ya aphunzitsi ndinaimanga kachiwiri. Mavavu ndinawayeza injini ili yozizira, 0.15 mm aliyense, katatukatatu. Kalata kopindika kaja ndinakawongola pa chipika mpaka kanalowa kokha. Mphira watsopano sunapezeke m'Chipata monse, choncho ndinadula chubu cha thirakitala n'kuchisoka ndi waya, mpata uliwonse n'kuutseka. Abwana anati ndiperekeze galimotoyo mpaka ku Chadiza, ndipo ikakafa m'njira ndibwere nditaisenza pamutu. Ndinakhala kumbuyo, bokosi la zida pa maondo, mphuno ili tcheru kununkhiza kupserera, khutu litagunda pa mpando. Aphunzitsi sanalankhule njira yonse. Titafika pakhomo pawo ana anatuluka akukuwa, mayi a kunyumba n'kuimba nthungululu. Ine ndinathamangira kumbuyo, n'kutsegula chivundikiro, n'kusolola kachitsulo koyezera oyilo. Abwana anandiphunzitsa kuti ukatha kukagwira ndi zala osakataya ndiye kuti injini sinatenthe mopitirira. Ndinakagwira. Ndinawerenga mpaka khumi ndikadakagwirabe. Usiku umenewo anandiphera nkhuku, n'kundipatsa nthutumba ngati mlendo wolemekezeka.

Tsono mawa m'mawa, dzuwa lisanakwere, ndikupezeni pa mtengo uja wa pafupi ndi chigayo. Mmodzi akapemphe njinga ija yagona kwa azakhali ake chiyambire mvula ya chaka chatha, muikankhe mpaka pamenepo. Wina abweretse thumba loyala pansi, wina zitini zitatu zopanda kanthu zoikamo mabawuti, chilichonse ndi malo ake, wina botolo la palafini ndi mswachi wakutha. Sipanala ya 10 ndi yomasulira pulagi ndibweretsa ine. Hamala muisiye kunyumba.